Foni zinayi ndi njere za mbuliwuli: mmene tinawerengera kanema m'kalasi ya Fizikisi

Pasukulu pathu foni siziloledwa, koma nkhani za m'foni zimalowa m'kalasi tsiku lililonse popanda wozigwira pageti. Lolemba lina m'teremu yachiwiri, ndisanamalize n'komwe kulemba deti pabolodi, mtsikana wina wa Fomu 3 anakweza mkono. Ndi mwana wosayankhulayankhula, ndiye ndinadziwiratu kuti pali nkhani.

"Aphunzitsi, n'zoona kuti foni imaphika ubongo?"

Kalasi yonse inaseka, koma iye sanaseke. Anafotokoza kuti msuweni wake anaonetsa agogo awo kanema wina wa pa WhatsApp. M'kanemamo muli foni zinayi patebulo, zoyang'anizana, ndipo pakati pake pali njere zingapo za chimanga cha mbuliwuli. Anthu akuziimbira foni zija, zikulira, kenako posakhalitsa njere zija n'kuyamba kuthetheka ndi kudumpha. Pansi pa kanemayo wina analembapo kuti ngati foni ikutero ndi chimanga, nanga ndi mutu wanu? Kuchokera tsiku limenelo agogo aja anathimitsa foni yawo n'kuitsekera m'chitini. Agogowo amakhala okha, amadwala BP, ndipo foniyo ana awo anawagulira kuti zikavuta usiku aziimba.

Ndikanatha kungoyankha kuti ndi bodza, n'kupitiriza phunziro limene ndinakonza. Koma sabata yotsatira kukanabwera kanema wina, ine kulibe. Choncho ndinaika pambali zimene ndinakonza, ndipo mapiriyodi awiri tinawathera pa kanema wa masekondi osakwana makumi asanu. Zimene tinachita ndi zimene ndikufuna ndikugawireni pano, chifukwa inunso mungathe kuzichita ndi kope, bolopeni ndi foni ya kunyumba.

Kuonera ndi kuwerenga

Timati kuonera kanema, kuwerenga buku. Poonera timangokhala phee, zinthu zikudutsa pa liwiro limene wokonza kanemayo anasankha. Powerenga ndife timalamula: timaima, timabwerera m'mbuyo, timadula mzere pansi pa mawu. Kanema, galafu yapa sikirini, ngakhale masewera oyeserera za sayansi a pakompyuta, zonsezi anazikonza ndi munthu. Anasankha poimika kamera, anasankha podula, anasankha mawu oika pansi. Chokonzedwa ndi munthu chimafunika kuwerengedwa. Ndipo Chichewa chathu chinatichitira zabwino apa, chifukwa mawu akuti kuwerenga amagwira ntchito pa zilembo ndi pa manambala pomwe. M'Fizikisi kuwerenga kanema n'kuchita zonse ziwiri.

Kanemayo sanavute kupeza, anali kale m'gulu lina la pafoni yanga. Ndinamuika pa laputopu n'kumuonetsa katatu. Ulendo woyamba tinangoonera, anthu n'kumakuwa mbuliwuli ikamadumpha. Ulendo wachiwiri ndinatseka mawu, ndipo zolembedwa zapansi zija ndinaziphimba ndi pepala. Pabolodi ndinadula mzere pakati. Mbali ina ndinalemba kuti NDAONA, mbali inayo NDAUZIDWA.

Kumbali ya ndaona kunalowa izi: tebulo, foni zinayi, njere, magetsi a foni akuyaka, mbuliwuli ikudumpha. Mnyamata wina anati tilembenso kuti foni zathethetsa chimanga. Ndinamufunsa kuti zimenezo waziona pati. Anati, "Si izo zadumphazo?" Mnzake wapambali ndi amene anamuyankha kuti chimene waona n'chakuti foni zalira ndipo chimanga chadumpha, zinthu ziwiri zotsatizana. Zakuti choyambacho ndiye chachititsa chachiwiricho, wauzidwa ndi mawu apansi aja. Tambala amalira kenako kumacha, koma si tambala amene amatulutsa dzuwa.

Ulendo wachitatu ndinawaletsa kuyang'ana chimanga. Izi n'zovuta kuposa mmene mungaganizire, chifukwa diso la munthu limathamangira chinthu choyenda. Ndinati ayang'ane m'mphepete mwa chithunzi ndi kutchula malo amene kamera sikutionetsa. Anatchula pansi pa tebulo. Anatchula pamwamba pa tebulo, kumene munthu angaime n'kumagwetsa zinthu. Wina anati sitinaone munthu aliyense akukhudza njerezo kuti tidziwe ngati zinali zotentha kale. Pomatha mphindi khumi, mbali ya zimene sitinaonetsedwe inali yaitali kuposa ya zimene tinaona.

Samu imene inandichititsa manyazi

Kukayika kokha sikokwanira. Munthu wokayika chilichonse n'chimodzimodzi ndi wokhulupirira chilichonse, onse awiri sanayeze kanthu. Ndiye tinatenga fomula imene munaiphunzira pa mutu wa kutentha:

Q = mcΔT

Njere imodzi ya mbuliwuli imalemera pafupifupi 0.15 g. Imathetheka ikafika cha m'ma 180 °C, pamene timadzi ta m'kati mwake tasanduka nthunzi yokankha khungu lolimba lija mpaka kuling'amba. Tikayambira pa 25 °C, kutentha kuyenera kukwera ndi 155 °C. Specific heat capacity ya madzi ndi 4.2 J pa galamu pa digiri, koma njere youma ili ndi madzi ochepa, choncho tinagwirizana zoyerekeza ndi 2. Tikachulukitsa 0.15 × 2 × 155 tikupeza pafupifupi 47 J. Imeneyo ndiye energy yofunika pa njere imodzi.

Pano ndikusiya mawu akuti energy ndi power mmene alili m'mabuku anu, chifukwa m'Chichewa onse awiri timangoti mphamvu, pamene pa samu iyi kusiyana kwake ndiye nkhani yonse. Power ndi energy yotuluka pa sekondi iliyonse.

Foni ya mtundu wa GSM, ngati zimene zili m'kanemamo, ikamatumiza mafunde a wailesi pa 900 MHz sipyola 2 W. Foni zinayi ndi 8 W. Nthawi ndi energy kugawa ndi power: 47 ÷ 8, pafupifupi masekondi 6.

Kalasi inaphulika. "Ndiye n'zoonatu!" Ine ndinaima ndi choko m'manja, thukuta lili kamukamu, chifukwa samu yanga yomwe inali itaikira umboni kanema amene ndinabwera kudzamutsutsa. Kunena zoona, sindinayembekeze. Ndinali ndisanaiwerengeretu kunyumba, ndinkangodziwa mumtima kuti yankho lituluka lalikulu.

Koma samu imafunikanso kuiwerenga ngati kanema: kodi yabisa chiyani? Tinabwerera m'mbuyo mzere ndi mzere, ndipo tinapeza zinthu ziwiri zimene tinangozimeza osatafuna.

Choyamba, 2 W ija si ya nthawi zonse. Mu GSM foni zisanu ndi zitatu zimagawana njira imodzi molandizana, iliyonse ili ndi kampata kake ka nthawi. Foni yanu imatumiza m'kampata kamodzi mwa timipata 8, kwinako ili chete. Choncho tikatenga avereji, ndi 2 ÷ 8, kapena kuti 0.25 W. Foni zinayi zikupereka 1 W basi. Masekondi 6 aja asanduka 47.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Tinawerengera ngati energy yonse yotuluka m'foni ikulowa m'njere imodzi, ngati madzi a mumpopi olowa m'botolo. Koma foni sidziwa kumene kuli chimanga. Imamwaza mafunde mbali zonse kuti ena akafike ku nsanja ya netiweki imene ili kutali. Yerekezani kuti njere ili 5 cm kuchokera pafoni. Mafunde amwazikira pa mpira wa radius 5 cm, umene area yake ndi 4πr², pafupifupi 314 cm². Mbali ya njere yoyang'ana kufoni ndi pafupifupi 0.5 cm². Ndiye kuti njere ikulandira gawo limodzi mwa magawo 600 kapena kuposerapo. Chulukitsani masekondi 47 ndi 600: mupeza masekondi 28,200, omwe ndi maola pafupifupi 8.

Ndipo maola 8 amenewo tawapeza pokomera kanemayo mtima. Tayerekeza kuti njere ikumeza mafunde onse oigunda, pamene ambiri amangodutsa. Tayerekezanso kuti njere sikutaya kutentha kulikonse, pamene chinthu chilichonse chofunda chimazizira chikakhala pamphepo. Zoona zake n'zakuti njereyo ingataye kutenthako msanga kuposa mmene ikukulandirira, moti singathetheke ngakhale mutadikira mpaka Khirisimasi. Yerekezani ndi uvuni wa microwave: umatulutsa ma watt mazana angapo, nthawi zambiri pakati pa 700 ndi 1000, m'kati mwa bokosi lachitsulo lobweza mafunde kuti asathawe, komabe mbuliwuli imatenga mphindi ziwiri kapena zitatu.

Mtsikana uja ndi amene anawonjezera mfundo imene ndinaikonda koposa, yopanda fomula n'komwe. Anati foni ikanakhala yotha kufikitsa chimanga pa 180 °C m'masekondi ochepa, bwenzi zala za munthu woigwira zikupsa, pakuti m'zala muli madzi ambiri kuposa m'njere.

Titamaliza samu ndi pamene tinatuluka m'kanemamo kukafufuza kumene anachokera. Ili ndi khwerero limene ambiri amalidumpha. Amakhalira kubwereza kanema yemweyo kakhumi, pamene yankho lili kunja kwake. Tinalemba mawu ochepa ofotokoza kanemayo pa Google, ndipo nkhani inapezeka msanga. Makanema amenewa anatuluka pa YouTube m'chaka cha 2008, ambiri mwa inu musanabadwe. Anawakonzetsa ndi a kampani ya Cardo Systems, yopanga timahedifoni ta Bluetooth, ndipo kampaniyo inavomera poyera kuti kunali kutsatsa malonda ndiponso kuti zithunzizo anachita kuzikonza. Taganizani: munthu akaopa kuika foni kukhutu, agula chiyani? Dzina la kampani linagwa m'njira kalekale pamene anthu ankapatsirana kanemayo, n'kutsala mantha okhaokha, amene anayenda zaka zonsezi mpaka kukafika m'chitini cha agogo.

Tsiku limene g inatuluka 0.6

Musaganize kuti kanema wosokoneza ndi wabodza yekha. Wina amakhala woona bwinobwino, koma woonerayo n'kumuwerenga molakwa. Izi zinandichitikira ineyo chaka changa chachiwiri cha uphunzitsi.

Ndinkaphunzitsa za kugwa kwa zinthu. Ndinapempha mnzanga kuti andijambule ndi foni yake ndikugwetsa mpira wa tenesi kuchokera pa 1.25 m, pafupi ndi rula ya pabolodi. M'kalasi ndinaonetsa kanemayo, ophunzira n'kuyeza nthawi ndi wotchi. Onse anapeza masekondi pafupifupi 2. Tinalowetsa mu g = 2h ÷ t², ndiye kuti 2.5 ÷ 4. Yankho: 0.6 m/s². Buku likuti 9.8, kapena 10 pa mayeso. Ana ena anafufuta yankho lawo n'kulemba 10 mwakachetechete, zimene zinandipweteka kuposa kulakwitsa kwangako. Mmodzi yekha ndiye ananena mokweza kuti mpirawo ukuoneka ngati ukugwera m'phala.

Chinachitika n'chiyani? Kanema si chinthu choyenda. Ndi zithunzi zoima zambirimbiri zoonetsedwa motsatizana mofulumira, ndipo chithunzi chilichonse chimatchedwa fulemu. Foni zambiri zimajambula mafulemu 30 pa sekondi. Mnzanga uja, pofuna kundithandiza, anaika foni yake pa slow motion, imene inajambula mafulemu 120 pa sekondi n'kumawaonetsa 30 pa sekondi. Chilichonse chinachedwa kanayi. Mpira unagwa m'theka la sekondi, koma pasikirini unatenga masekondi 2. Ndipo poti mu fomula muja t ndi wa square, kuchedwa kanayi kunachepetsa g ka 16. Gawani 10 ndi 16, mupeza 0.6 yathu ija.

Kuchokera pamenepo, kanema aliyense wofuna kuyezerapo kanthu ndimayamba ndamufunsa mafunso awiri. Wotchi yake ili kuti? Rula yake ili kuti? Ngati mulibe wotchi m'chithunzimo, funani china chimene liwiro lake mumalidziwa: munthu woyenda kumbuyo, kuphethira kwa maso, mawu a anthu ngati akumveka mwachibadwa. Ngati mulibe rula, funani chinthu chodziwika msinkhu, monga chitseko, njerwa kapena botolo. Popanda ziwirizi simungasiyanitse mwala waukulu wogwa kuchokera patali ndi kamwala kogwa pafupi kochedwetsedwa.

Ubwino wake, mafulemu omwewo ndi wotchi yabwino kuposa chala chanu. Munthu amachedwa pafupifupi 0.2 s kuti adine wotchi, ndipo pa chinthu chogwa m'theka la sekondi kuchedwa kumeneko n'kwakukulu zedi. Koma mukajambula pa mafulemu 30 n'kumasuntha kanemayo fulemu imodziimodzi, mpira wogwa kuchokera pa 1.25 m mudzaupeza m'mafulemu pafupifupi 15. Apa kuwerenga kanema kwasanduka kuwerenga kwa wani, thu, fili.

Hamala ndi nthenga

Kalasi ikazolowera kugwira makanema abodza imayamba matenda ena: chilichonse chodabwitsa akuti n'chopanga. Mankhwala ake ndimawaonetsa kanema wodabwitsa koma woona.

Pa 2 Ogasiti 1971, kumapeto kwa ulendo wawo womaliza woyenda pa Mwezi, David Scott, mtsogoleri wa Apollo 15, anaima kutsogolo kwa kamera ya TV. Dzanja lina anagwira hamala yoswera miyala yolemera 1.32 kg, linalo nthenga ya mbalame ya mtundu wa falcon. Chombo chimene anatera nacho chinkatchedwanso Falcon. Anazisiya nthawi imodzi kuchokera pa msinkhu wa pafupifupi 1.6 m, ndipo zinafika pansi limodzi, monga mmene Galileo ananenera zaka zoposa 300 m'mbuyomo kuti zingachitikire popanda mpweya wotchinga.

Kanemayu ndi wosaoneka bwino, wa chifunga, koma amawerengeka. Pa Mwezi g ndi 1.62 m/s². Kuchokera pa 1.6 m, t ndi square root ya 2h ÷ g, pafupifupi 1.4 s. Pano padziko hamala yomweyo ingatenge 0.57 s. Ophunzira anga atayeza ndi wotchi, mayankho awo anamwazikana, ena kupitirira pang'ono sekondi imodzi, ena kufika sekondi ndi theka, koma panalibe amene anayandikira 0.57.

Mnyamata uja wa "si izo zadumphazo" anali atachenjera tsopano. Anati, "Aphunzitsi, mwatiuza nokha za slow motion. Bwanji ngati anajambula pansi pompano n'kuchedwetsa?" Funso labwino kwambiri, ndipo tinaliwerengera. Kuti hamala yogwa padziko ioneke ngati ikugwa pa Mwezi, muyenera kuchedwetsa kanema pafupifupi kawiri ndi theka, chifukwa square root ya 9.8 ÷ 1.62 ndi 2.46. Hamala yokha ingatheke. Nanga nthenga? Kuchedwetsa kanema sikuchotsa mpweya m'chipinda. Nthenga ikanatsalirabe m'mbuyo, ikuyandama uku ndi uku, kungoti mochedwa.

Sanagonje. Anati nanga atapopa mpweya wonse m'chipindamo? Chipinda chotero chilipodi. NASA ili nacho chachikulu ku Ohio, ndipo m'chaka cha 2014 a BBC anajambuliramo Brian Cox akuonetsa mpira wolemera wa bowling ndi nthenga zikugwa limodzi mpweya atauchotsa. Kanema ameneyonso ndi woona, koma kugwako anakuchedwetsa kuti kuoneke bwino, moti mukayezerapo g ndi wotchi yanu mugwa m'dzenje limene ndinagwamo ine.

Ndiye tinachitanso zimene tinachita ndi mbuliwuli: kutuluka m'kanema n'kufunsa ngati pali umboni wina wosadalira kanemayo. Maulendo a Apollo anabweretsa miyala ndi dothi la ku Mwezi zolemera 382 kg, zimene asayansi a m'mayiko ambiri akhala akuzipima. Apollo 11, 14 ndi 15 anasiya pa Mwezi magalasi obweza kuwala, ndipo mpaka lero malo ena oonera zakuthambo amawombera laser kumeneko n'kulandira kuwala kobwerera, poyeza mtunda wa pakati pa dziko ndi Mwezi. Chombo cha Lunar Reconnaissance Orbiter, chimene chinapita mu 2009, chinajambula malo amene anatera. Kanema wa hamala ali ndi anzake ambiri omuikira umboni. Wa mbuliwuli tinamufunira mnzake, tinapeza wotsatsa malonda.

Galafu si chithunzi cha phiri

Pa magalafu sindichedwapo, ngakhale kuti ndi pamene ambiri mumatayira malikisi pa MSCE. Vuto ndi lomwe lija la diso lothamangira chooneka bwino. Pa galafu diso limathamangira mzere wokhotakhota wapakati, pamene tanthauzo lili m'mphepete, pa mizere iwiri ija, woimirira ndi wogona.

Jambulani mzere wokwera, kenako wogona, kenako wotsika. Ndikafunsa kuti njinga iyi yayenda bwanji, theka la kalasi limati yakwera phiri, yayenda pamwamba pake, yatsika. Ayi ndithu. Ngati mzere woimirira ukuonetsa mtunda kuchokera kunyumba, chigawo chogonacho chikutanthauza kuti njinga yaima, mwina mwini wake akumwa thobwa, ndipo chotsikacho ndi ulendo wobwerera. Ngati mzere woimirira ukuonetsa liwiro, chigawo chogona chomwecho chikutanthauza kuti njinga ikuthamanga pa liwiro losasintha, ndipo chotsikacho ndi mabuleki. Chithunzi chimodzi, nkhani ziwiri zosiyana. Lamulo la m'kalasi mwanga n'lakuti chala chiyambe chakhudza mawu ndi ma unit a mizere iwiriyo diso lisanapite pakati.

Pa magalafu oyenda m'foni onjezani funso lina: mzere woimirira wayambira pa nambala yanji? Tiyerekeze kuti wogulitsa akufanizira mabatire awiri, lina lokhala maola 98, lina maola 100. Akayambira pa 0, mizati iwiriyo ioneka yofanana. Akayambira pa 97, woyamba utalika gawo limodzi, wachiwiri magawo atatu, ndipo wongodutsa ndi chala pasikirini aganiza kuti batire lachiwiri ndi lamphamvu katatu. Palibe nambala yabodza imene yalembedwa. Wangosankha poyambira.

Dziko la m'kompyuta lilibe mphepo

Chomaliza ndi masewera oyeserera, ma simulation. Amene ndimagwiritsa ntchito kwambiri ndi a PhET, a ku University of Colorado Boulder, amene anayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman, wopata mphoto ya Nobel ya Fizikisi mu 2001. Ndi aulere, ndipo mukawakopera kamodzi amagwira ntchito popanda intaneti, zimene zimapulumutsa bandulo. Pasukulu yopanda zipangizo zokwanira mu labu, ndi thandizo lalikulu, ndipo ndimawakonda.

Koma simulation si kuyesa kwenikweni. Ndi fomula yovekedwa zithunzi. Imakuonetsani zimene wolemba pulogalamu anaikamo, osati zimene chilengedwe chachita. Tsegulani ya Projectile Motion, muombere mpira pa ma angle osiyanasiyana kuchokera pansi, mupeza kuti 45° ndiyo ikufikitsa kutali. Tsopano funani kabokosi kolembedwa za air resistance. Mukakadina, mpira ukugwera pafupi, njira yake siikhalanso yofanana mbali zonse, ndipo angle yofikitsa kutali ikutsika pansi pa 45°. Goloyi wa timu yanu akamenya mpira pagalaundi, amakhala m'dziko la kabokosi kodinidwa.

Chimodzimodzi ya ma circuit. Mumaona timipira toimira ma electron tikuyenda m'waya mooneka ndi maso. M'waya weniweni wa m'nyumba ma electron amasuntha pang'onopang'ono zedi, nthawi zambiri osakwana milimita imodzi pa sekondi. Babu limayaka nthawi yomweyo chifukwa ma electron ali kale ponseponse m'wayamo ndipo kukankhako kumafalikira mofulumira kwambiri, ngati paipi yodzaza kale madzi. Wojambula anasankha liwiro loti muone kanthu. Sananame, koma mukapanda kufunsa, mutuluka ndi chithunzi cholakwika m'mutu n'kukachilemba pa mayeso.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Pezani kanema mmodzi wa m'foni ya kunyumba amene akunena kanthu kokhudza sayansi: babu loyaka ndi maginito popanda batire, galimoto yoyendera madzi, chilichonse. Muonereni katatu monga tinachitira. Lembani mbali ziwiri zija, ndaona ndi ndauzidwa, ndi malo amene kamera sinaonetse. Kenako pezani nambala imodzi yokha imene mungaiwerengere, ngakhale moyerekeza, ndipo mulembe zimene mwayerekezazo poyera kuti mnzanu athe kukutsutsani. Samu ikaikira umboni kanemayo, musaifufute. Bweretsani momwemo tidzaione limodzi.

Za agogo aja, mtsikanayo anabwera ndi lipoti patatha sabata. Anapita Loweruka ndi kope lake n'kuwafotokozera za 47 J ndi maola 8. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati masamu ndi a kusukulu, iwo anaona ndi maso awo. Ndiye mwanayo anazungulira kwa aneba n'kubwereka foni, zina zoika pamphasa, zina zoimbira. Anaika njere zisanu za mbuliwuli pakati pa foni zinayi, ya agogo yomwe ili pomwepo, ana a m'mudzi atazungulira. Anaziimbira zonse osayankha, kuti mayunitsi asathe, n'kubwereza kasanu. Nkhuku ndi imene inayandikira kufuna kutola njerezo. Agogo anaithamangitsa, anatola njere imodzi n'kuigwirizitsa patsaya, n'kunena kuti ndi yozizira.

Foni inatuluka m'chitini tsiku lomwelo ndipo imagona pampando pafupi ndi bedi, yoyatsa. Koma poyankhula, akuti agogo amaiikabe pa laudi n'kuigwirira patali, moti mudzi wonse umamva zimene akukambirana ndi ana awo.